Funsani kaye musanaloze agogo chala

Ana anga, chipumireni pantchito ya unamwino ndili ndi kachizolowezi kamene adzukulu amandiseka nako. Chiperoni chikagwa kuno ku Thyolo, minda ya tiyi itabisala m'nkhungu, ndimatereka ketulo n'kukhala pa TV kuonera mafilimu a ku England ofufuza za imfa, amene mwana wanga wamkazi adandiikira pa fulashi. Musaganize za mfuti ndi magalimoto othamangitsana ayi. Mumangokhala kamudzi kabata, tchalitchi, maluwa ndi anthu akumwa tiyi, mwina wathu yemweyu wa ku Satemwa kapena ku Makandi, poti Angerezi adayamba kale kutigula. Kenaka wina wapezeka atafa.

Wotulukira chigawenga sakhala wapolisi. Mu Father Brown, amene BBC idayamba kuonetsa mu 2013, ndi wansembe woyenda panjinga. Mu Rosemary & Thyme ndi amayi awiri osamalira maluwa. Koma wapamtima panga ndi Miss Marple, gogo wa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead, amene Agatha Christie adamulembera buku loyamba mu 1930, ndipo Joan Hickson adamusewera pa BBC kuchokera 1984 mpaka 1992. Gogoyu alibe ofesi, alibe unyolo. Amakhala pakona n'kumaluka juzi, khutu lili tcheru. Mafunso ake ndi aang'ono zedi: adathira tiyi ndani, zenera adatsegula nthawi yanji, bwanji wantchito wanena zosiyana ndi zadzulo. Apolisi amayamba ndi kumuderera, mapeto ake amabwera okha kudzamufunsa nzeru.

Tsono chimandiwawa ndi ichi. Kumeneko munthu akafa mwadzidzidzi, gogo ndiye amafufuza. Kwathu kuno gogo ndiye amayamba kulozedwa chala. Mu Januwale 2016 ku Neno, mtsikana atafa ndi mphenzi, anthu adapha nkhalamba zinayi ati ndizo zidatumiza mphenziyo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idachoka ku Mulanje n'kufika ku Phalombe ndi kuno ku Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, mpaka azachipatala kumaopa kuyenda ndi zida zawo zopimira. Ambiri sitidziwa kuti malinga ndi lamulo la 1911, kunena mnzako kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Pali buku lina la Christie la 1961 lotchedwa The Pale Horse, limene ITV idalisandutsa filimu ya Marple mu 2010. Pepani ndiulula mathero ake. Anthu akufa mmodzimmodzi, ndipo maso onse ali pa amayi atatu odziwika ndi zamatsenga. Chonsecho wakupha weniweni akungothira poizoni wotchedwa thallium, amene chizindikiro chake china n'kuthothoka tsitsi. Mayiyu sadalembe zongolota. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse adatumikira odwala ku Torquay, kenaka n'kumagwira ntchito mosungira mankhwala, ndiye ndimamutenga ngati mnzathu wa yunifomu yoyera.

Mu 1977 kudamveka nkhani ya mwana wa miyezi 19 wochokera ku Qatar amene adagonekedwa pachipatala cha Hammersmith ku London. Madotolo adasowa pogwira. Namwino wina amene ankawerenga buku lomweli adaona tsitsi la mwanayo likuthothoka, n'kulimba mtima kuuza madotolo zimene akuganiza. Atapima adapezadi thallium, wochokera ku mankhwala ophera tizilombo kwawo kwa mwanayo, ndipo mwana adachira.

Nanenso ndili ndi yanga. Chaka china, ndili pa kachipatala ka esiteti ina, madzulo anthu ataweruka kothyola tiyi, adabwera ndi mnyamata wa zaka zitatu kuchokera kumalaini. Malovu ali chuchuchu, thukuta thupi lonse, akusanza, m'chifuwa mukulira, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso katachepa ngati nsonga ya singano. Panja bambo ake adali atagamula kale mlandu. Akuti apongozi awo, amene adabwera kudzacheza masiku atatu apitawo, ndiwo amulodza mwana. Anyamata ena adali atayamba kusonkhana, gogoyo ali chete pansi pa mtengo, chitenje kumutu.

Tidamubaya mwanayo atropine, ndipo podikira ambulansi ndidayamba mafunso a Chimarple, ngakhale nthawi imeneyo Marple sindinkamudziwa. Wadya chiyani? Amasewera kuti? Ndani adali naye masana? Mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene palibe adamufunsa kanthu chiyambire, adati mwana adamwa "zakumwa za ababa" kuseri kwa chitseko. Adathamangira kukatenga. Lidali botolo la zoziziritsa kukhosi, koma m'kati muli mankhwala opopera tomato amene bambowo adagawiridwa ndi mnzawo.

Inu a mabanja atsopano, ndikudziwa nyumba n'njaing'ono ndipo kabati yokhoma kulibe. Komabe mankhwala a kudimba, a makoswe, othira m'chimanga ndi parafini asakhale pansi, ndipo asalowe m'botolo la zakumwa ngakhale kwa tsiku limodzi. Pachikani pamwamba pomwe mwana sangafike ngakhale atakwera mpando. Ngozi ikachitika musamusanzitse pomupisa chala kukhosi, makamaka akamwa parafini, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo. Mkaka, mafuta ophikira ndi dzira laliwisi sizipha poizoni, zimangokudyerani nthawi. Ngati mankhwala amutayikira, muvuleni zovala n'kumusambitsa ndi sopo, kenaka thamangani naye kuchipatala botolo lili m'manja, kuti ife tisachite kulota chimene wamwa. Zokangana kuti walakwa ndani zidikire.

Ndipo mukamafunsa zimene zachitika, funsani aliyense payekha, modekha, kuyambira wamng'ono. Mwana amene akuona lamba m'manja mwanu sanganene zoona. Mtsikana uja adaona zonse koma adakhala chete maola awiri poopa kumenyedwa kuti sadamuyang'anire mlongo wake. Imfa ikakhala yosadziwika bwino, muli ndi ufulu wokanena kupolisi n'kupempha kuti thupi lipimidwe musanaike maliro. Zimapweteka mtima, inde, koma ndaona mabanja atadana mpaka kalekale chifukwa cha funso limene dotolo akadatha kuyankha.

Ena mumandifunsa ngati mafilimuwa ndi oyenera ana. Magazi saoneka kwenikweni ndipo zolaula n'zosowa, koma imfa ndi imfa, ndiye aang'ono kwambiri agone kaye. Wa Sitandade 7 kupita m'tsogolo onerani naye limodzi, muziimitsa pakati n'kumufunsa kuti akuganizira ndani, nanga umboni wake ndi uti. Chingerezi chakenso amayankhula mosathamanga, chimathandiza kusukulu. Mdzukulu wanga nthawi zonse amathamangira kuloza munthu wankhope yoopsa, ndipo sadapatepo ngakhale kamodzi.

Mnyamata uja adagona masiku anayi kuchipatala chachikulu n'kutuluka ali bwino. Lero ndi bambo wa ana ake, timakumana pamsika wa Bvumbwe. Bambo ake adapepesa pamaso pa ankhoswe, adaperekanso nkhuku. Gogoyo adalandira, koma m'mawa mwake adamanga kathumba kawo n'kukwera minibasi, ndipo mpaka kumwalira sadapondenso pakhomopo.