Jakisoni wa gentamicin: tetezani makutu ndi impso za wodwala wanu

Inu a ku Chidzolomondo, Furancungo, Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire, ambiri mwa inu mudaonapo khanda kapena munthu wamkulu akubayidwa jakisoni wa gentamicin kuchipatala. Mankhwalawa ali m'gulu lotchedwa aminoglycoside, pamodzi ndi streptomycin, kanamycin ndi amikacin. Ndi amphamvu ndipo apulumutsa miyoyo yambiri, koma amafuna kuti namwino ndi woyang'anira wodwala agwirizane.

Kodi amachiza chiyani?

Streptomycin adapezeka m'chaka cha 1943 ku America, ndipo ndiye adali mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu cha TB. Gentamicin amaperekedwa kwa makanda amene tizilombo talowa m'magazi mwawo, kwa amayi amene atentha thupi atabereka, komanso pa matenda ena a m'njira ya mkodzo. Mankhwalawa salowa bwino m'magazi munthu akamwa, n'chifukwa chake amachita kubaya.

Choopsa chake chili pati?

Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka, mankhwala amaunjikana m'magazi n'kuyamba kuwononga timinyewa ta m'kati mwa khutu timene timathandiza munthu kumva ndi kuyenda mosadzandira. Impso nthawi zambiri zimachira mankhwala akasiyidwa msanga, koma timinyewa ta m'khutu tikafa sitimeranso. Munthu amagontha mpaka kalekale.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangizira m'chaka cha 2018 kuti kanamycin asiye kuperekedwa kwa odwala TB yosamva mankhwala. Lero ambiri mwa odwalawa amamwa mapiritsi monga bedaquiline m'malo mobayidwa kwa miyezi yambiri.

Zimene namwino amachita

Asanabaye, namwino amakweza wodwala pa sikelo chifukwa mlingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa thupi. Kwa khanda, kusiyana pang'ono chabe kwa mlingo n'kwakukulu. Amafunsanso ngati wodwala akukodza bwino, amasinthasintha malo obaya kuti pasatupe, ndipo amalemba tsiku ndi nthawi ya jakisoni aliyense. Pamene pali zipangizo, amayezanso magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito.

Muuzeni namwino musanabayitse

- ngati mayi ali woyembekezera, chifukwa streptomycin angagonthetse mwana ali m'mimba;
- ngati wodwala ndi wokalamba, ali ndi vuto la impso kapena samva bwino kale;
- ngati akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, mapiritsi okodzetsa a furosemide kapena mankhwala azitsamba;
- ngati adabayidwapo jakisoni wotere posachedwa kuchipatala china.

Ife a m'malire timapita mbali zonse. Lero tili ku Ulongwe, mawa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Nyamulani khadi kapena buku la kuchipatala paliponse, kuti namwino wa mbali inayo aone zimene mnzake adapereka kale.

Zizindikiro zofunika kunena tsiku lomwelo

- m'makutu mukulira kapena mukumveka ngati mwatsekeka;
- wodwala akufunsa kuti "mwati bwanji?" kawirikawiri, kapena wasiya kumva mawu ang'ono monga kulira kwa anapiye;
- chizungulire, kapena kudzandira makamaka mumdima;
- mkodzo wachepa, kapena thewera la khanda likukhala louma nthawi yaitali;
- mapazi kapena nkhope zatupa;
- kusanza kapena kutsekula m'mimba, chifukwa madzi akachepa m'thupi impso zimavutika.

Namwino amaona odwala ambiri, koma inu amene mumagona pafupi ndi wodwala ndi amene mungaone zizindikirozi poyamba. Musaope kulankhula. Safunsa adadya phula.

Kumbukirani

Mpatseni wodwala madzi abwino akumwa pafupipafupi, ndipo khanda liyamwe mwakathithi. Musasiye jakisoni panokha poona kuti wodwala wapeza bwino. Wachipatala ndiye amene angasinthe kapena kuimitsa mankhwala. Musagule jakisoni pamsika kapena kubayitsa kwa anthu oyendayenda m'midzi, chifukwa sadziwa mlingo wake ndipo singano zawo zingakupatseni matenda ena. Ngati mnansi wanu sadziwa kuwerenga, muwerengereni tsamba lino.