Pamene Mphunzitsi Abwerera pa Benchi

Anzanga ambiri amaganiza kuti munthu akatsiriza maphunziro a uphunzitsi nalandira setifiketi, ndiye kuti watsanzikana nalo benchi. Koma sizili tero ayi. Alipo maphunziro ena amene mphunzitsi sangawadziwe pongowerenga buku, ndipo ena mwa iwo ndiwo a kulamula kompyuta ndi kupanga maloboti. Loboti ndi makina amene amatsata malamulo olembedwa ndi munthu, nayenda kapena kugwira ntchito popanda womakankha. Tsono ndifuna kufotokoza chifukwa chake aphunzitsi a maphunziro amenewa ayenera kuyamba agwira zipangizo ndi manja awo asanaime pamaso pa kalasi.

Munthu amene anafalitsa kwambiri nzeru ya kuphunzira mwa kupanga ndiye Seymour Papert, amene anabadwira ku Pretoria mu 1928. Iyeyu anagwirapo ntchito ku Geneva pamodzi ndi Jean Piaget, katswiri wa maganizo a ana, ndipo pambuyo pake anapita ku sukulu yaikulu ya MIT ku America. Mu 1967 Papert, Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon anakonza chinenero cha kompyuta choyenera ana, chotchedwa Logo. Posakhalitsa anawonjezapo kaloboti ka mawilo kokhala ndi cholembera kumimba, nakatcha kamba. Mwana akalemba lamulo, kambayo amayenda pa pepala nasiya mzere m'mbuyo.

Tiyeni tione chimene kamba angaphunzitse mphunzitsi. Kujambula sikweya nkosavuta: pita patsogolo masitepe 100, khotera kumanja madigiri 90, ndipo uchite chomwecho kanayi. Nanga chojambula cha mbali zitatu zofanana? Aliyense wodziwa masamu akumbukira kuti ngodya iliyonse ili ndi madigiri 60, choncho amafulumira kulemba 60. Koma taonani, kamba ajambula mizere itatu yosakumana! Chifukwa chake nchakuti kamba sakhota ndi ngodya ya m'kati, koma ya kunja. Kuti abwerere pamene anayambira ndi kupenyanso kumene anali kupenya, ayenera kuzungulira madigiri 360 onse, ndipo 360 tikagawa patatu ndi 120. Mphunzitsi amene anagwapo yekha m'mbuna imeneyi adzazindikira msanga pamene mwana wasochera. Sadzamuuza yankho, koma adzati, “Taimirira, uyende ngati ndiwe kamba, uone m'mene uli kukhotera.”

Masiku ano zipangizo zachuluka. Mu 2007 a ku MIT anatulutsa Scratch, m'mene malamulo amalumikizidwa ngati njerwa pa kompyuta, kotero kuti mwana angathe kupanga nthano kapena masewera ake. Mu 2016 bungwe la BBC linagawira ana a sukulu pafupifupi miliyoni imodzi ku Britain kakompyuta kokwana m'dzanja, kotchedwa micro:bit, kokhala ndi tinyale 25 ndi mabatani awiri. Koma zipangizo pazokha siziphunzitsa. Pamene dziko la England linalamula mu 2014 kuti ana aziphunzira kulemba malamulo a kompyuta kuyambira ali ndi zaka 5, aphunzitsi ambiri anali asanachitepo zimenezi. Chaka chomwecho bungwe la Raspberry Pi Foundation la ku Cambridge linayambitsa maphunziro aulere a masiku awiri otchedwa Picademy. Tsiku loyamba aphunzitsi anali kuyesa zipangizo zosiyanasiyana, monga kuyatsa tinyale ndi kujambula ndi kamera. Tsiku lachiwiri anali kukhala m'magulu, napanga chinthu chimene anachiganiza okha, nachionetsa kwa anzawo.

Loboti loyenda pansi lili ndi mwambo wake umene buku silitchula. Mawilo amaterereka pa simenti yosalala. Batire likayamba kutha, loboti silifika pamene linafika m'mawa. Diso lake lotsata mzere wakuda limasokonezeka ndi dzuwa lolowera pa zenera. Apa mphunzitsi aphunzira kusintha chinthu chimodzi chokha, nayesanso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Aphunziranso kufunsa mnzake wa pambali popanda manyazi.

Nkhani imeneyi si yaing'ono ayi. Kumene mphunzitsi sanakhudzepo makina, amawaopa, ndipo makinawo amagona m'kabati yokhoma pamene ife tili kukopera manotsi a zinthu zimene sitinazione. Kumene mphunzitsi anapangapo kanthu, ngakhale magetsi atazima phunziro silifa. Atulutsa ana pabwalo, wina akhala kamba, anzake namulamula. Ndipotu ambiri a ife tinaphunzira kupinda galimoto ya waya osati ndi choko ndi bolodi, koma poyesa, kulakwa ndi kukonzanso.

Chotero, anzanga, mukadzaona aphunzitsi athu atakhala pa benchi, ali kulimbana ndi waya umene wakana, musadzaseke. Senderani pafupi mwaulemu, muwagwirire waya winawo, pakuti pamenepo ali kukonzekera kutiphunzitsa bwino.