Mtsinje wa Agogo, Nyanja ya Adzukulu

Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Munthu akaima pa mlatho wa Samora Machel amaona madzi ambiri akutsika. Madzi amenewa amacokera kumtunda, ku nyanja ya Cahora Bassa. Mabanja ena a mu Tete ali ndi abale awo kumeneko. Sukulu ikatsekera, ana amapita kukaceza kwa agogo, ku kanyumba ka m'mbali mwa nyanja.

Nyanja imeneyi si yakale. Agogo ambiri ndi aakulu kuposa nyanjayi. Iwo anabadwa nyanja kulibe. N'cifukwa cake nkhani za agogo zimasiyana ndi zimene ana amaona lero.

Kale kunali mtsinje wokha

Agogo ali ana, midzi inali m'mbali mwa mtsinje. Caka ciliconse, nthawi ya dzinja, mtsinje unkasefukira. Madzi akaphwera ankasiya dothi lakuda la conde. Pa dothi limeneli anthu ankalima madimba. Ankabzala cimanga, nyemba, maungu ndi mbatata. Ku Tete dzuwa limatentha kwambiri ndipo mvula ndi yocepa. Mbewu za kumunda zikapsa ndi dzuwa, dimba ndilo linkapulumutsa banja ku njala.

Pa mtsinje anthu ankayenda pa bwato. Bwato limacokera ku mtengo umodzi waukulu. Mmisiri amadula mtengo ndi nkhwangwa. Kenaka amaugoba m'kati ndi kasemasema. Nchito imeneyi imatenga masiku ambiri. Bwato likatha, anthu amathandizana kulikokera ku madzi. Mnyamata ankaphunzira kupalasa ndi nkhafi poyang'ana atate ake kapena amalume ake.

Pakati pa mapiri, kufupi ndi Songo, mtsinje unali wopapatiza. Panali miyala ikuluikulu ndi mathithi. Mabwato sankatha kudutsa. Opalasa ankatsika pamenepo, n'kusenza katundu pamutu. Anthu amati dzina lakuti Cahora Bassa limatanthauza malo amene nchito imathera. M'Cinyungwe, "basa" ndi nchito. M'caka ca 1858 mzungu wina, David Livingstone, anafika ndi sitima yake yochedwa Ma Robert. Nayenso analephera kudutsa.

Alenje akale

Agogo nawonso anali ndi agogo awo. Kwa iwowo anamva nkhani za alenje. M'cigwa ca Zambezi munali njovu, njati, nswala ndi ngoma zambiri. Acikunda ankadziwika ndi ulenje wa njovu. Minyanga ankaigulitsa kwa amalonda ku Tete ndi ku Zumbo. Panalinso alenje a mvuu. Iwo ankayandikira mvuu mwakacetecete ali pa bwato. Ankailasa ndi mkondo womangirira cingwe cacitali. Inali nchito yoopsa, cifukwa mvuu ikakwiya imagubuduza bwato.

Ulenje unali ndi malamulo ake. Njovu ikaphedwa, mnyanga umodzi unkapita kwa mfumu, mwini dziko. Nyama yaikulu sankadya munthu mmodzi. Ankagawana ndi abale ndi anansi.

Madzi akwera

M'caka ca 1969 boma la Apwitikizi linayamba kumanga damu ku Songo. Songo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kucokera mu mzinda wa Tete. Damu ndi khoma lalikulu lotsekera madzi. Khoma la Cahora Bassa ndi lalitali mamita 171. Analimanga kuti madzi aziyendetsa makina opanga magetsi.

Mu Disembala 1974 anatseka mtsinje. Madzi anayamba kukwera pang'onopang'ono. Anamiza mathithi. Anamiza madimba. Anamiza midzi, mitengo ya masau ndi milambe. Anamizanso manda a makolo. Nyama zina zinathawira ku mapiri, zina zinatsekeredwa pa zilumba.

Anthu zikwi zambiri anali atasamutsidwa kale. Boma la Apwitikizi linawaika m'midzi yatsopano, kutali ndi mtsinje. Ambiri sanafune kucoka, koma anakakamizidwa. Dothi la kumalo atsopanowo silinali labwino ngati la kumadimba. N'cifukwa cake agogo ena akamaloza pakati pa nyanja amanena kuti kwawo ndi pamenepo. Sakuseka ai. Mudzi wawo ulidi pansi pa madzi.

Nyanjayi inakula kwambiri. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 250. Imayambira ku Songo mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia.

Dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pambuyo pake kunabwera nkhondo ina. Mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera, n'kumanganso nyumba zawo.

Kanyumba ka kunyanja

Kanyumba ka msodzi sikakhala kakakulu. Ambiri amamanga ndi mitengo ndi dothi, n'kufolera ndi udzu kapena malata. Pakhomo pamakhala thandala loyanikapo nsomba. Pamtengo amapacika ukonde. Nkhafi amaitsamiritsa pakhoma. Bwato limagona kudooko.

Atate ndi amai a ana a lero anakula nyanja ilipo. Iwo amadziwa zinthu zimene agogo sankazidziwa ali ana. Alipo mabwato a injini. Ilipo nsomba yaing'ono yochedwa kapenta. Kwawo kwa kapenta ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anthu anaibweretsa ku nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968. Kucokera kumeneko inatsika ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Kapenta amaigwira usiku. Asodzi amayatsa nyali pamwamba pa madzi. Nsomba zimasonkhana pa kuwalako, ndipo asodzi amakweza ukonde.

Nsomba zikuluzikulu amazing'amba, n'kuzithira mcere, n'kuziyanika padzuwa. Nsomba zimenezi zimachedwa chicoa. Dzinali linacokera ku malo ochedwa Chicoa. Zimagulitsidwa m'misika ya mu Tete ndi kutali komwe.

Ulenje unasintha. Nyama zinacepa cifukwa ca nkhondo ndi kupha kosasamala. Tsopano munthu saloledwa kupha nyama za kuthengo popanda cilolezo ca boma. M'zaka za m'ma 1990, ku Bawa, kufupi ndi Zumbo, kunayamba nchito yochedwa Tchuma Tchato. Tanthauzo lake ndi "cuma cathu". Colinga cake cinali cakuti anthu a m'midzi azisamala nyama, n'kumalandira gawo la ndalama zocokera ku nyamazo. M'caka ca 2013 boma linakhazikitsa malo osungirako nyama a Mágoè, kumwera kwa nyanja. Mdzukulu wa mlenje akhoza kukhala mlonda wa njovu.

Zimene sizinamire

Midzi inamira, koma nzeru za agogo sizinamire. Madzulo, banja likakhala pamoto, agogo amaphunzitsa adzukulu. Amawauza maina a midzi yakale ndi a makolo amene anagona kumeneko. Amawauzanso malamulo a pamadzi:

Mwana asakwere bwato popanda munthu wamkulu.
Bwato likamayenda, aliyense akhale pansi.
Bwato lisadzaze kwambiri ndi anthu kapena katundu.
Mphepo ikayamba, wopalasa abwerere kumtunda msanga.
Mwana asasambe kapena kutunga madzi yekha, cifukwa ng'ona imabisala kudooko.
Mvuu ikakhala ndi mwana, anthu aipatuke patali.

Lilipo lamulo linanso. Ukonde woteteza ku udzudzu ndi wogonamo, si wophera nsomba. Maso ake ndi aang'ono kwambiri. Umakola tiana ta nsomba tisanakule. Tiana tikatha, mawa nsomba sizidzapezeka, ndipo thandala la pakhomo lidzakhala lopanda kanthu.

Agogo amene anaona mtsinje wakale akukalamba. Zimene amakumbukira, zambiri sizinalembedwe m'buku. Mwana akamvetsera bwino, adzazisunga. Tsiku lina adzauza ana ake.

Mafunso

1. Kodi bwato amalipanga ndi ciani?
2. Kodi anatseka mtsinje ku Songo caka citi?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zinamira m'nyanja.
4. Kodi kapenta amaigwira nthawi yanji?
5. N'cifukwa ciani si bwino kupha nsomba ndi ukonde wa udzudzu?

Mau a m'Cipwitikizi

mtsinje: rio
nyanja: lago
bwato: canoa
nsomba: peixe
mvuu: hipopótamo
ng'ona: crocodilo
mlenje: caçador
msodzi: pescador

Nchito ya kunyumba

Ana, funsani agogo kapena munthu wina wamkulu dzina la mudzi umene anabadwira. Afunseni ngati mudziwo ulipobe. Jambulani nyumba imene iwo ankakhalamo ali ana, ndipo mukaonetse aphunzitsi.

Makolo, werengerani ana nkhaniyi pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku. Mukatha gawo lililonse, auzeni nkhani imodzi ya kwanu.