Phunziro la Zamoyo

Ana inu, phunziro la zinthu zamoyo litchedwa Bayoloje. Dzinali lichokera ku mawu awiri a Chigriki: bios, ndiwo moyo, ndi logos, ndiwo chiphunzitso. Mwala ndi mchenga sizilowamo, pakuti sizidya, sizipuma, sizibala. Koma chinangwa, usipa, nkhono ndi munthu yemwe zilowamo.

Phunziroli lili ndi ntchito yaikulu kuno ku Chintheche. Litiuza kuti mazira a likodzo afika m'madzi ndi mkodzo wa wodwala. Akaswa, tizilombo take tilowa m'nkhono zazing'ono ndi kuchuluka momwemo. Pambuyo pake tituluka ndi kuboola khungu la munthu wosamba.

Chifukwa chake musakodze m'nyanja kapena mumtsinje. Mukaona mwazi mumkodzo, musabise ayi. Uzani makolo anu, apite nanu kuchipatala.