Kodi Makina Otsuka Mbale Angawapumitse Amayi?

Mwezi wa Disembala ukafika, msewu wochokera ku Cuchamano kudzera ku Tete, Moatize ndi Mussacama mpaka ku Ulongué umadzaza ndi magalimoto a anthu obwerera kumudzi kuchokera ku Joni. Pamwamba pa magalimotowo ndi m'ngolo zokoka kumbuyo mumakhala mafiriji, matiresi, mipando ndi mawailesi akanema. Katundu wotere anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano anamuzolowera kale. Chimene chikadali chachilendo ndi nkhani imene ena mwa apaulendowa amabwera nayo pakamwa, maka-maka azimayi ogwira ntchito m'nyumba za mabwana: akuti kumeneko kuli makina otsuka mbale okha, munthu atangokhala pansi.

Nkhaniyi ikamveka pamjigo, ambiri amangoseka. Koma alipo mabanja ena, maka-maka m'tauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu, amene magetsi analowa m'nyumba zawo, ndipo ndalama za mbatatesi kapena za mwana wa ku Joni zikafika, amafuna kugula chinthu chopeputsa ntchito ya pakhomo. Kwa iwo funsoli si nthabwala ayi, pakuti mtengo wa makina amodzi ukhoza kugula njinga zakapalasa zingapo, ndipo ndalama zikalowa m'chinthu chosagwira ntchito sizibwereranso.

Mmene amagwirira ntchito

Makinawa amaoneka ngati kafiriji kakafupi, kofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 60. M'kati mwake muli madengu awiri a waya, lina pamwamba lina pansi. Mbale zimaimikidwa chopendekera m'dengu la pansi, makapu ndi matambula amavundikiridwa m'dengu la pamwamba, masipuni ali ndi kabasiketi kawo. Chitseko chikatsekedwa, makinawo amakoka madzi m'paipi, n'kuwatenthetsa mpaka madigiri 50 kapena 70, kenaka n'kuwapopa mwamphamvu kudzera m'timaenje ta pa timikono tiwiri tozungulira ngati mapiko a ndege. Mulibe dzanja kapena chinkhupule chokwecha mbale. Chimene chimachotsa litsiro ndi mphamvu ya madzi, kutentha kwake ndi sopo wake wapadera. Madzi omwewo amazungulira kambiri-mbiri akudutsa pa sefa, asanatayidwe ndi kulowa ena otsukuluzira.

Makina aakulu a pabanja amalowa ziwiya zodyera anthu 12 mpaka 14 nthawi imodzi. Atsopano amagwiritsa ntchito madzi pafupi-fupi malita 10 ndi magetsi pafupi-fupi yuniti imodzi pa ulendo umodzi, koma akatsuka mosamala madzi ndi magetsi chomwechi amatenga maola atatu kapena kupitirira.

Anayambitsa ndi mayi

Makina oyamba amene anagwira ntchito bwino anapangidwa ndi mayi wina wa ku America dzina lake Josephine Cochrane, wa m'tauni ya Shelbyville m'chigawo cha Illinois. Mayiyu sanali wotopa ndi kutsuka, pakuti anali ndi antchito. Chimene chinkamupweteka mtima n'chakuti antchitowo ankabenthula mbale zake zamtengo wapatali. Mwamuna wake atamwalira mu 1883 n'kumusiyira ngongole, iye analimbikira ntchito yopanga makinawo mothandizana ndi makaniko wina dzina lake George Butters, ndipo mu 1886 boma linamupatsa chikalata chotsimikizira kuti luso limeneli ndi lake. Mu 1893 anakawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago ndipo analandira mphoto.

Chofunika kuchimvetsa m'mbiri imeneyi ndi ichi: amene anagula makinawo sanali azimayi a pabanja monga iye ankayembekezera. Anagula ndi eni mahotela ndi malo odyera. Nyumba zambiri za ku America nthawi imeneyo zinalibe madzi otentha okwanira, ndipo mtengo wake unali woboola m'thumba. Mayi Cochrane anamwalira mu 1913 makina awo asanalowe m'makhitchini a anthu wamba. Ku Germany kampani ya Miele inatulutsa makina oyendera magetsi mu 1929, koma nawonso sanafale msanga. Zinatengera zaka za m'ma 1950 kuti mabanja opeza bwino ayambe kuwagula, ndi zaka za m'ma 1970 kuti akhale chinthu wamba. Ngakhale m'maiko olemerawo, makinawa anadikira mapaipi ndi mawaya kuti zifike kaye m'nyumba.

Nkhani yagona pa madzi

Ogulitsa amakonda kunena kuti makinawa amasunga madzi, ndipo sanama. Koma amayerekeza ndi munthu wa m'tauni amene amatsuka mbale mpopi uli chitsegulire. Mpopi wotere ukhoza kutaya malita 10 m'mphindi ziwiri zokha, kotero kuti pomaliza mbale za banja lonse madzi amakhala atapita ochuluka kangapo kuposa a makina.

Mayi wa kumudzi satsuka motero. Madzi ake anawasenza pamutu, chigubu cha malita 20 cholemera makilogalamu 20, kuchokera kumjigo kapena kuchitsime cha kudambo, ndipo amadziwa mtengo wa dontho lililonse. Amathira pang'ono m'beseni lotsukira, pang'ono m'beseni lotsukuluzira, basi. Akamaliza, madziwo sapita pachabe: a zotsalira za nsima amapita kwa nkhumba ndi nkhuku, otsukuluzira amakathirira nthochi kapena mpiru wa kuseri kwa nyumba. Madzi otuluka m'makina sangapatsidwe chiweto chifukwa cha ukali wa sopo wake. Choncho kwa mayi wotere, zoti makina amasunga madzi ndi nkhani ya eni ake a mipopi.

Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti makina ambiri otere salandira madzi a m'chidebe. Amafuna paipi yobweretsa madzi othamanga ndi mphamvu yake, ndi paipi ina yotulutsira madzi akuda kupita kungalande kapena kudzenje. Nyumba yopanda mpopi iyenera kuyamba yamanga thanki pamwamba, mwinanso kugula pampu, ndipo thankiyo wina ayenera kuidzaza. Madzi a matope a m'nyengo ya dzinja amatseka sefa ndi timaenje tija. Mnyamata wa ku Joni atati awauze amayi ake kuti, "Amayi, chaka chino ndikubweretserani makina kuti mupumeko," iwo akhoza kuthokoza mwaulemu, koma m'mawa mwake nkhata idzakhala ili pamutu monga mwa masiku onse.

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Pa ntchito ya mbale kumudzi, kutsuka kwenikweniko n'kochepa. Nthawi imathera panjira ya kumadzi ndi pamzere wa pamjigo, maka-maka mu Okutobala ndi Novembala zitsime zikaphwa. Amene amaima pamzerewo kawiri-kawiri ndi atsikana, ndipo ndi omwewo amene amafika kusukulu belu litalira kale. Makina otsuka mbale sachotsako ngakhale phazi limodzi pa ulendo umenewo. Mpopi wa pakhomo ndiwo umauchotsa wonse, ndipo umathandizanso pa kuchapa, kusamba ndi kuphika.

Nanga mphika wa nsima?

Makinawa anapangidwira ziwiya za anthu odya mosiyana ndi a kuno: mbale zadothi zosalala za m'sitolo, matambula agalasi, mafoloko ndi mipeni. Zimenezi amazitsuka mpaka kuwala. Koma chiwiya chovuta pakhomo la Mchewa kapena Mngoni si tambula ayi, ndi poto wa nsima. Nkhoko zikauma zimagwira ngati simenti, ndipo ziyenera kuviikidwa ndi kupalidwa ndi dzanja. Mwaye wa kunja kwa poto wophikira pamafuwa umafuna phulusa, mchenga ndi chitsononkho, ndipo kuuika m'makina ndi kudetsa mbale zina zonse.

Mapoto a aluminiyamu, amene ali pakhomo lililonse, amada ndi kuthimbirira akakumana ndi sopo wa m'makina. Mthiko ndi chipande zimang'aluka ndi madzi otentha. Mbale zina zapulasitiki zimapindika. Mphika wadothi wa nyemba ndi chikho sizilowamo n'komwe. Munthu akachotsa zonsezi, zotsala zoti makina atsuke ndi mbale zochepa ndi makapu a tiyi, zimene mwana wa zaka khumi amamaliza madzi a phala asanawire. Komanso banja lokhala ndi mbale zongokwanira anthu ake silingadikire kuti makina adzaze tsiku lonse, popeza mbale za nkhomaliro ndi zomwezo za mgonero.

Magetsi, sopo ndi wokonza

Potenthetsa madzi makinawa amakoka mphamvu pafupi-fupi mawati 2,000, mofanana ndi ketulo yamagetsi. Kasola ka padenga, koyatsira mababu ndi kutchajira foni, sikangawadzutse. Banja logula magetsi a Credelec likamatsuka kamodzi patsiku liyenera kuwerengera mayuniti pafupi-fupi 30 owonjezera pamwezi. Magetsi akathima pakati pa ntchito, mbale zimagona m'madzi a sopo mpaka atayakanso.

Pali chodabwitsa china apa. Damu la Cahora Bassa ku Songo, limene linatha kumangidwa mu 1974, lili m'chigawo chomwechino cha Tete, ndipo gawo lalikulu la magetsi ake limayenda makilomita pafupi-fupi 1,400 kupita ku South Africa. Kotero makina amene mayi wa ku Tsangano amawaona m'khitchini ya bwana wake ku Joni akhoza kukhala akuyendera madzi a Zambezi, pamene kwawo kumudzi akuunikira tochi.

Sopo wake ndi wapadera, wa timibulu kapena wa ufa, ndipo pa msika wa kumudzi sapezeka. Wothiramo sopo wochapira kapena wamadzi wotsukira m'beseni adzaona thovu likutuluka pachitseko n'kudzaza nyumba. Makina ambiri amafunanso mchere wake wofewetsa madzi ndi mankhwala owalitsa magalasi. Walira mvula walira matope: zonsezi ndi zogula mwezi ndi mwezi. Pampu ikafa, wokonza njinga ndi mawailesi pa msika sangathandize, ndipo chitsulo chake chiyenera kuitanitsidwa kumzinda, mwina kunja kwa dziko.

Pa ukhondo amapambana

Mbali imodzi imene makinawa sangatsutsidwe ndi ya ukhondo. Madzi ake amatentha koti dzanja silingapirire, ndipo mbale zimauma zokha popanda kupukutidwa ndi kansalu kamene kapukuta kale manja a anthu asanu. Amene anaona kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anavuta mbali zonse ziwiri za malire, amadziwa kuti mbale yotsukidwa ndi madzi oipa ikhoza kugoneka banja lonse. Koma chitetezo chofanana nacho chilipo chotsika mtengo: sopo, madzi otsukuluzira owiritsa kapena othira klorini, ndi thandala lalitali padzuwa pamene agalu, nkhuku ndi nkhumba sizifika. Thandala limangofuna mitengo inayi ya mphanda ndi nsungwi.

Amene angapindule nawo

Alipo ndithu. Banja la mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, lokhala m'nyumba ya mpopi wosaphwa ndi magetsi odalirika, bambo ndi mayi onse ochoka m'mawa n'kubwera madzulo, lophika pa sitovu ndi kudyera m'mbale za m'sitolo, likhoza kupeza mpumulo weniweni. Chimodzimodzi munthu wodwala nyamakazi kapena amene khungu la m'manja limasupuka ndi sopo. Malo odyera, mahotela ndi zipatala ali ndi makina awo akulu-akulu otsuka m'mphindi zochepa, ndipo kumeneko phindu lake silikayikitsa, monga mmene Mayi Cochrane anaonera. Komabe m'nyumba zambiri za mumzinda mbale zimatsukidwa ndi wantchito, kawiri-kawiri mtsikana wochokera kumidzi yomweyi, ndipo malipiro akewo ndi amene amagula feteleza ndi makope kwawo. Makina akalowa, ena mwa atsikanawa ntchito imawachepera.

Kumudzi mbale zimachuluka zenizeni pa ukwati, pa maliro ndi pa chiliza. Anthu 300 akadya, makina a pabanja angafunike kudzazidwa maulendo oposa 20, ndipo ngakhale atamatsuka mwachangu ola limodzi ulendo uliwonse, ntchitoyo ingatenge usana ndi usiku, miphika ikuluikulu ya nsima ndi ya thobwa isanakhudzidwe. Azimayi a m'mudzi, atakhala mozungulira mabeseni kuseri kwa nyumba, wina akupala, wina akutsuka, wina akutsukuluza, atsikana akuthamanga ndi zigubu, amamaliza mbale zomwezo alendo a kutali asanatsanzike, ndipo aliyense amanyamula zake kubwerera nazo kwawo atazizindikira ndi kachizindikiro ka penti kunsi kwake.