MUNTHU AMENE AYENERA KUFIKA POYAMBA

Anzanga ambiri pa sukulu pano, ukawafunsa ntchito imene afuna kudzagwira akatsiriza maphunziro, amayankha kuti afuna kudzalankhula pa wailesi ya kanema. Ukawafunsa chifukwa chake, amati ntchitoyo njofewa: munthu amavala bwino, naima patsogolo pa kamera, nalankhula mawu owerengeka, mwezi ukatha nalandira ndalama. Tsiku lina tili pamthunzi kudikira belu, mkangano unabuka pa za mzungu wina amene amatsogolera mpikisano wa maulendo wotchedwa The Amazing Race, umene ena a ife anauona pa lamya za abale awo pa tchuthi. Wina anati munthuyo amalipidwa chifukwa cha kungoyenda ulendo wokondwerera. Wina anati zonsezo nzochita kukonza ngati sewero la pa tsiku lotsekera sukulu. Ine ndinapita kukafufuza nkhaniyi, ndipo zimene ndinapeza ndazilemba pano kuti onse awiri aweruze okha.

Poyamba ndifotokoze mpikisano wake, pakuti si onse anauona. Unayamba kuonetsedwa ku America pa 5 September 2001, pa nyumba ya kanema ya CBS, ndipo amene anauganiza ndiwo Elise Doganieri ndi Bertram van Munster. Kawiri-kawiri pamakhala magulu 11 a anthu awiri-awiri odziwana kale, monga munthu ndi mkazi wake, kapena munthu ndi mlongo wake. Maguluwo amathamangitsana kuzungulira dziko lapansi pa ndege, pa sitima, pa basi ndi pansi pomwe. Sawalola kutenga lamya, ndipo ndalama zoyendera amawapatsa pang'ono-pang'ono pa chiyambi cha chigawo chilichonse. Kumene akupita sakudziwa kufikira atang'amba envelopu imene amaipeza m'bokosi la mbendera yofiira ndi yachikasu. Pa mapeto a chigawo, gulu lofika pambuyo pa onse limachotsedwa, ngakhale zigawo zina amalikhululukira. Gulu lopambana pa mapeto peni-peni limalandira madola 1,000,000. Chigawo choyamba cha mpikisano woyamba chinathera kwa anansi athu ku Zambia, pafupi ndi mathithi a Victoria.

Wotsogolera wake kuyambira pachiyambi ndi Phil Keoghan, mbadwa ya ku New Zealand, wobadwa mu 1967. Pa kanema timamuona ataima phe pa kamphasa kamene amayala pamalo othera chigawo, pambali pake pali munthu wa m'dzikomo wolonjera alendo. Gulu likafika wefu-wefu, iye amaliuza kuti lafika lachingati. Munthu woonera angaganize kuti ntchito yake ndi yomweyo.

Koma taganizani bwino. Kuti iye aime pamphasapo gulu loyamba lisanafike, ayenera kuwapitirira onsewo, tsiku ndi tsiku, kwa milungu itatu kapena kuposerapo. Iye ndiye wothamanga amene saloledwa kugonja ngakhale kamodzi, ndipo mphotho ya madola aja siyake. Sangathenso kungolunjika kumphasako. M'chigawo chilichonse muli ntchito ziwiri kapena zitatu zimene opikisana ayenera kuchita, ndipo pa malo onsewo iye ayenera kufika, kuima pamene ntchitoyo idzachitikire, kufotokozera oonera malamulo ake, ndi kubwereza mawuwo ngati galimoto yadutsa kapena ngati lilime lapunthwa. Akatha apo athamangire pena, kumbuyo kwake magulu akubwera. Ndege imene akwere ndi ya anthu onse, ndipo ikachedwa, yachedwa. Nthawi zina iye ndi opikisana amapezeka m'ndege imodzi, tsono potsika liwiro lake limakhala la onse. Zovala zoyera zimene timaziona zija zimachokera m'chikwama, ndipo tulo amagona pampando.

Akafika pamphasa, chovuta chimatembenuka: amene amathamanga uja tsopano ayenera kudikira. Pakati pa gulu loyamba ndi lotsiriza pangapite maora ambiri, pakuti lina lasokera, lina lakanika ntchito, lina linaphonya ndege dzulo lake. Iye sangachoke. Pa dzuwa, pa mvula, usiku, ali pomwepo. Ndipo pamene akudikira lotsirizalo, nthawi ya gulu loyamba lija ikuyenda, chifukwa m'mipikisano yambiri yakale gulu linkapuma maora 12 okha kuchokera pamene lafikira, kenaka nkunyamukanso. Chotero amene anafika 2 koloko masana ankanyamuka 2 koloko usiku, ndipo wotsogolera anayenera kukhalanso patsogolo pawo.

Pali anthu enanso awiri pa gulu lililonse amene sitiwaona konse. Mmodzi amasenza kamera paphewa, mnzake amanyamula zogwirira mawu. Opikisana akathamanga, iwo amathamanga nawo ndi katundu wawo yense, nthawi zina chafutambuyo kuti ajambule nkhope. Nchifukwa chake gulu likamagula matikiti a ndege limagula a anthu anayi, ndipo ngati m'ndegemo mwatsala mipando iwiri yokha, silingakwere. Ojambulawo saloledwa kuthandiza. Angaone ndi maso awo kuti envelopu yagwa pansi kapena kuti gulu lalowera njira yolakwika, koma amangoti chete namajambula. Amawasinthanitsanso magulu kuti pasakhale chibwenzi chokondera. Kwa ine, awa ndiwo amuna a mpikisanowu, ngakhale maina awo amangodutsa mofulumira pa mapeto pamene oonera ayamba kale kuimirira.

Tsono nkhani imene inandikoka mtima ndi iyi: mpikisanowu unafika kuno kwathu. Unali wachi 19, wojambulidwa mu June ndi July 2011. Maguluwo ananyamuka ku California, nadzera ku Taiwan, Indonesia ndi Thailand, ndipo pochokera ku Bangkok anatera ku Lilongwe. M'Malawi munachitika zigawo ziwiri, zimene anthu a ku America anaziona pa 30 October ndi pa 6 November chaka chomwecho.

Ku Lilongwe anawatumiza ku nyumba yaikulu yosungiramo fodya, kumene mmodzi wa gulu lililonse anayenera kukankha mabelo 10 pa kangolo, belo lililonse lolemera mapaundi 200, pakati pa antchito amene anali kuimba ndi kuwaseka. Atachoka apo anasankha pakati pa ntchito ziwiri: kusoka zovala pa makina a telala kumsika, kapena kupita ku sukulu ya pulaimale kukapanga magalimoto a ana ndi makatoni a mkaka. Potsiriza anakatenga mabedi awiri kwa akalipentala, nawakweza pa galimoto, napita nawo ku Kumbali, kumene kunali mphasa. M'chigawo chachiwiri anakwera basi ya ku Salima. Kumeneko mmodzi anapalasa njinga ya kabaza atanyamula munthu ndi nsomba zake, kukamtula kumene akupita. Kunyanja anasankha kupalasa bwato kapena kulowa m'madzi kukatsitsa katundu ndi anthu m'ngalawa, ndipo mphasa inali pamchenga wa ku Senga Bay. Gulu limene linatsalira ku Lilongwe linapatsidwa ntchito yoonjezera, ya kulumikiza zidutswa za chithunzi cha mbendera ya Malawi. Amene adzaone chigawocho lero asadabwe poona dzuwa lathunthu loyera pambenderapo: imeneyo ndi mbendera imene dziko lino linagwiritsa ntchito kuyambira 2010 kufikira 2012, pamene ya kwacha inabwezedwa.

Ku Kumbali kunachitika kanthu kamene kamasonyeza ntchito yeni-yeni ya wotsogolera. Gulu lina linafika pamphasa poyamba, mabedi litatula, chimwemwe chili pankhope. Koma pothamangira mphasa linali litasiya woyendetsa galimoto ija osamlipira. Keoghan sanalilandire. Analibweza kuti likalipire kaye, ndipo pamene linali kubwerera gulu lina linafika nkutenga malo oyamba pamodzi ndi mphotho ya chigawocho. Apa tikuona kuti munthuyo ali ngati woimbira mpira. Ayenera kudziwa zonse zimene zachitika m'njira iye kulibe, ndipo amazidziwa chifukwa anzake a ntchito amene ali pa malo osiyana-siyana amatumiza mawu kumphasa. Ayeneranso kunena chiweruzocho pamaso pa anthu otopa, anjala, amene akuona ndalama zikuwapulumuka. Ndipo pa gulu lotsiriza, ndiye amene amanena mawu owachotsa, kenaka nawafunsa mafunso misozi ili m'maso, popeza oonera afuna kumva.

Nanga mnzanga uja amene anati zonse nzochita kukonza? Wanena zoona pang'ono. Miyezi yambiri mpikisano usanayambe, akulu ake amayendera njira yonse, napempha chilolezo kwa maboma, nalemba ntchito anthu a m'dzikomo, nayesa ntchito iliyonse kuti aone ngati munthu angaithe ndi kuti imatenga nthawi yotani. Telala uja, sukulu ija ndi eni njinga aja anadziwiratu kuti alendo akubwera. Pambuyo pake, zojambula za maora ambiri-mbiri za makamera onse amazidula kuti zikwane ora limodzi, ndipo wodulayo angathe kuonetsa ngati magulu awiri anafika motsatana pamene anasiyana ndi ora lathunthu. Mawu ena a wotsogolera amene timamva iye osaoneka amawajambula pambuyo, ali m'nyumba. Koma kuti ndani apambane, zimenezo sazikonza. Kusokera nkoona, kutopa nkoona, ndipo matenda a Covid atabuka, mpikisano wachi 33 unaimitsidwa mu February 2020 utayenda zigawo zitatu zokha, nudzapitirira mu September 2021, magulu ena atalephera kubwerera. Sewero lolembedwa silikadaima chotero.

Chinsinsi nacho ndi katundu. Mpikisano umene unadutsa ku Salima pakati pa chaka unatha kuonetsedwa mu December 2011. Miyezi yonseyo wotsogolera, ojambula ndi opikisana anali kudziwa amene wapambana, koma anasaina pangano lakuti asanene. Ngakhale magulu ochotsedwa msanga sawalola kubwerera kwawo nthawi yomweyo, kuopa kuti anansi angadziwe kuti agonja. Amawasunga pamalo ena kufikira mpikisano utatha. Ife amene sitingathe kusunga mpaka Lachisanu nkhani ya amene wasankhidwa kukhala kapitawo wa kalasi tiyenera kuganizapo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachikonde kweni-kweni, ndipo ndichinena. Ntchito zimene alendowo anapatsidwa ngati mayeso oopsa ndi ntchito zimene anthu athu amagwira tsiku lililonse. Wokankha mabelo sakankha 10 okha, ndipo wakabaza wa ku Salima sapalasa ulendo umodzi nkukalandira ulendo waulere wa kutsidya kwa nyanja. Chaka chomwecho cha 2011 mafuta a galimoto anali kusowa m'dziko muno, ndipo pa 20 July anthu anafa pa zionetsero m'mizinda yathu, patangopita milungu yowerengeka alendowo atachoka. Oonera a ku America anaona anthu omwetulira ndi nyanja yokongola. Sindikunena kuti ananamizidwa, pakuti kumwetulirako kunali koona, ndipo ambiri a iwo mwina anamva dzina la Malawi koyamba usiku umenewo. Koma ora limodzi ndi dengu laling'ono, ndipo amene amasankha zoikamo si ife.

Zigawo ziwirizo zinathera ku Lilongwe ndi ku Salima. Kuno ku Neno sanafike. Ine ndi anzanga tinayesa kuwakonzera chigawo chathu papepala. Tinati atsike basi pa Zalewa, akapeze envelopu pafupi ndi mlatho wa Shire, akwere kumapiri a kwa Dambe kukakumba mbatata ya kachewere, kenaka atsike ndi dengu la manachesi pamutu osagwetsa ngakhale limodzi. Mphasa tinaiyala pa boma. Ntchito za opikisana sizinativute kuganiza. Chimene chinatikanika ndi njira ya wotsogolera. Ku mizinda ikulu-ikulu iye angathe kudzera msewu wina nkuwapitirira, koma kumapiri kwathu njira yokwerera kawiri-kawiri ndi yomweyo yotsikira, ndipo m'dzinja galimoto imodzi ikatitimira m'matope, onse a m'mbuyo mwake amaima, wotsogolera ndi wopikisana chimodzi-modzi. Mnzanga uja amene ankati ntchitoyo ndi ulendo wokondwerera anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenaka anati mzunguyo agone kwa Dambe dzulo lake, ndipo m'mawa atsike pa njinga yamoto. Wina anamfunsa kuti, nanga amene adzafotokoze za envelopu ya pa Zalewa m'mawa womwewo ndani? Belu linalira tisanagwirizane, ndipo pepalalo lidakali m'buku langa la Jogalafe.