MANDALA: LINGA LIMENE LINALERA MZINDA WA BLANTYRE

Ku India, m'dziko la mafumu a mtundu wa Rajput, mizinda yambiri inayamba ndi linga. Mfumu Rao Jodha inamanga linga la Mehrangarh pamwamba pa thanthwe m'chaka cha 1459, ndipo anthu anadza namanga nyumba zawo m'tsinde mwake, kufikira unakhala mzinda wa Jodhpur. Mlendo wofika kumeneko safunsa za chiyambi cha mzindawo, pakuti makoma aataliwo amamuuza okha.

Blantyre alibe makoma otere. Nchifukwa chake ambiri a iwo amene amayenda m'mawa ndi madzulo pakati pa Limbe ndi Kabula sadziwa kuti mzinda uwunso unakulira pa malo othawirapo nkhondo, ndi kuti nyumba yake ikali chiimire pa Mandala kufikira lero.

Pamene amishoni a Church of Scotland anafika m'chaka cha 1876, motsogozedwa ndi Henry Henderson, napatsidwa malo ndi mfumu Kapeni, dziko silinali pa mtendere. Malonda a akapolo anali mkati, ndipo anthu ambiri anakhala m'mapiri, monga Ndirande ndi Soche, posiya minda yabwino m'zigwa. Phiri ndilo linali linga la munthu wosauka. Patapita zaka ziwiri, mu 1878, ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani ya malonda imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes Corporation, ndipo oyendetsa ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu poona kunyezimira kwa magalasi a m'maso a John Moir anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linagwira munthu, sitolo, kampani ndi dera lomwe.

Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, yosanja, ya makonde aakulu. Inali mokhalamo bwana wa kampani, koma popeza pamalopo pamasungidwa katundu, mfuti ndi onga, panalinso pothawira pa tsiku la tsoka. Tsikulo silinachedwe. Mu 1884 Angoni a mfumu Chikusi anaoloka Shire nalowa m'midzi ya kumtunda kuno, natentha nyumba ndi kugwira anthu. Amene anapulumuka anathamangira kumapiri, ena ku mishoni, ena ku Mandala, chifukwa ankhondowo sanakhudze malo a Azungu. Apa mpamene pagona nkhani. Munthu amene wapulumukira pakhomo pa wina sabwerera kwawo msanga. Amamanga kanyumba pafupi, nafuna ntchito ya mtengatenga kapena youmba njerwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamangitsa kuyambira 1888 mpaka 1891, chinamangidwa ndi manja a anthu a m'dziko muno amene anasonkhana pamalopa m'zaka zimenezo.

Zotsatira zake zidziwika bwino. Boma la Britain linatenga dziko mu 1891, ndipo Harry Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India komweko, namanga malinga ena monga Fort Johnston ndi Fort Lister. Blantyre analandira khonsolo yake mu 1895, njanji inafika mu 1908, Limbe anakula ndi njanjiyo ndi fodya, ndipo matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956.

Koma linga limatumikira mwini mfuti, ndipo ichi aphunzitsi a mbiri yakale sayenera kuchilumpha pofotokoza za Mandala. Malo amene anabisa anthu mu 1884 anali omwewo amene ana awo anawaona ngati nkhokwe ya mphamvu ya atsamunda, atayamba kulawa msonkho wa nyumba ndi thangata. Usiku wa pa 23 January 1915, Mbusa John Chilembwe anatumiza gulu la anthu ake kuchokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kuti akathyole mosungira zida mwa kampaniyo ku Mandala. Anayenda usiku wonse. Anatengako mfuti zowerengeka ndi zipolopolo, koma mfuu inamveka asanathe ntchito yawo, ndipo anabalalika; ena anagwidwa naphedwa. Kulephera kwa pa Mandala kunafoola nkhondo yonse isanafike patali, ndipo Chilembwe mwini anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho.

Lero nyumbayo yazingidwa ndi maofesi ndi misewu, ndipo wodutsa mofulumira angaiyese nyumba wamba ya bwana wakale. M'chipinda chake chapamwamba muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina la Nyasaland Society. Mwana wa sukulu woima pa khonde lapamwambalo akhoza kuona Ndirande ndi Soche, mapiri amene anthu anatsikako pobwera kudzamanga mzinda.